Kagudumu ka kutsogolo kwa ngolo: kamanyamula bwino, koma si buleki

Ngolo yanga yokokedwa ndi galimoto ndi ya matayala awiri, ya mabuleki, ndipo ntchito yake ndi kunyamula matabwa, simenti ndi makina osakanizira konkire. Jeke yake yakale itapindika ndinagula kagudumu kamene ogulitsa amati jockey wheel. Kali ndi paipi ya mamilimita 48, tayala la labala losapopa, chopukusira pamwamba ndi kasikelo koonetsa kulemera kwa mutu wa ngolo, kutsogolo kumene kumakoledwa ku galimoto. Pa paipipo analemba kuti kamapirira makilogalamu 150 ngolo ikakhala chiimire. Ndagwira nako ntchito dzinja ndi chilimwe chomwe, choncho ndikudziwa zimene kamatha ndi zimene sikatha.

Pa kukweza mutu wa ngolo ndilibe nako mlandu. Chopukusira chake n'chofewa, moti ngakhale ngolo itadzaza ndimapukusa ndi dzanja limodzi, mutu uja n'kuchoka wokha pa kampira kachitsulo ka mamilimita 50 kamene kali kumbuyo kwa galimoto. Amene anayesapo kunyamula mutu wa ngolo yodzaza ndi manja akudziwa mmene msana umawawira mawa lake. Choopsa kwambiri n'chakuti pochita zimenezo mapazi ako amakhala pansi penipeni pa chitsulocho, ndipo chikakupulumuka palibe nthawi yowachotsa.

Kasikelo kaja poyamba ndinkakaona ngati chokongoletsa, koma ndi kamene ndimakayang'ana kwambiri tsopano. Chitsulo chokokera cha galimoto chimakhala ndi kambale kolembedwa malire a kulemera kumene mutu wa ngolo ungaike pa kampira, ndipo sikeloyo imandiuza ngati ndayandikira malirewo. Imandiuzanso chinthu china chofunika pa kumasula. Ikaonetsa kulemera kochepa kwambiri, ndimadziwa kuti katundu wachuluka kumbuyo kwa matayala. Ngolo yotero mukangoimasula mutu wake m'malo mogwa pansi ukhoza kudzuka m'mwamba mwamphamvu, ndipo munthu amene wawerama pamenepo umamupeza kuchibwano. Sikeloyi si yolondola ngati ya m'sitolo, ndipo imafuna kuti ngolo ikhale pamalo osalala, koma kuchenjeza kokha imachenjeza.

Tsopano pamene pali nkhani yaikulu. Kagudumu aka ndi tayala, ndipo tayala ntchito yake n'kugubuduka. Jeke ya phazi ija inkagwirako pansi pang'ono, koma aka sikagwira n'komwe. Pamalo amene maso akuona ngati ndi osatsetsereka, ngolo ya tani imodzi ikhoza kuyamba kuyenda yokha mutangoichotsa pa kampira, ndipo palibe munthu amene angaiimitse ndi manja. Kapepala kamene kanali m'bokosi kanafotokoza kamangidwe kokha, za ngoziyi sikanatchule, ndipo izi zinandidandaulitsa chifukwa amene amagula zinthu zotere ambiri ndi oyamba kumene kukoka ngolo.

Mmene ine ndimachitira ndi umu. Ndimaimika galimoto pamalo olimba, ndimakoka handibuleki yake n'kuzimitsa injini. Kenako ndimakoka handibuleki ya ngolo mpaka kumapeto, n'kutchinga matayala onse awiri ndi zidutswa za matabwa zosongoka, kutsogolo ndi kumbuyo. Zikatha zimenezi m'pamene ndimakhudza kagudumu. Ndimamasula chopanira chimene chimagwira paipi ya kagudumu ku ngolo, ndimatsitsa paipiyo mpaka tayala litatsala pang'ono kufika pansi, ndimamanganso chopaniracho zolimba, ndiye ndimapukusa mpaka tayala ligunde pansi. Ndimazula pulagi ya magetsi poigwira pamutu pake, osati kukoka waya. Ndikatero ndimakweza chogwirira cha mutu wa ngolo ndi dzanja limodzi, lina likupukusa, mpaka mutuwo utapitirira kampira bwinobwino. Waya uja wokoka buleki ngolo ikaduka panjira ndimauchotsa pomalizira penipeni, chifukwa ngolo ikati ithawe nthawi imeneyo ndi umene ungaigwire. Pa ngolo zopanda mabuleki, tcheni ndi chimene chiyenera kuchoka pomalizira. Galimoto ndimaisuntha pang'onopang'ono nditayang'ananso kuti palibe chimene chatsala chokoledwa.

Pali chinthu china chimene anthu ambiri sauzidwa, ndipo chimakhudza ngolo zimene mabuleki ake amagwira ngolo ikamakankha galimoto. Mukabwerera chambuyo poimika, mutu wa ngolo umakhala utafinyika kulowa mkati. Mukaumasula uli choncho umatambasuka mwamphamvu n'kugunda bampala, kapena dzanja ngati lili pakati. Komanso mabuleki amtunduwu anawapanga kuti azimasuka pobwerera chambuyo, choncho ngolo ikhoza kutsetserekabe chambuyo pang'ono ngakhale mutakoka handibuleki, isanagwire kwenikweni. N'chifukwa chake ndikabwerera chambuyo ndimayendetsanso galimoto kutsogolo pang'ono kuti mutuwo utambasuke ndisanayambe kumasula. Kagudumu sikangakuthandizeni pa zimenezi ngakhale katakhala kabwino chotani.

Zimene sindinakondwe nazo pa kagudumu kenikenika zilipo. Choyamba ndi chopanira chimene kanabwera nacho. Kulemera konse kwa mutu wa ngolo kumadalira chopaniracho, koma iwo anaika cha chitsulo chopyapyala ndi chogwirira chachifupi, chovuta kumanga ndi manja onyowa. Chopanira chikapanda kugwira bwino paipi imatsetsereka, mutu wa ngolo n'kugwa nthawi imodzi. Ndinachichotsa n'kuika china chochindikala, ndipo ndikulangiza aliyense wogula kuti ayambe wayang'ana chimenechi asanayang'ane tayala. Paipi yakunja musaipake girisi pamene chopanira chimagwira, girisi ndi wa sikuluwu ya mkati.

Sikuluwu ya mkatiyo nayo ilibe kabowo kothirira girisi, ndiye kuti muisamale muyenera kuimasula. Ilibenso chouimitsa chodalirika ikafika kumapeto. Mukapukusa mopitirira, paipi yamkati imangotsala yogwira pang'ono, imayamba kugwedera, ndipo ikhoza kutulukiratu ngolo ili pamwamba pake. Njira yake ndi kutsitsa kaye paipi yonse pa chopanira kuti popukusa pakhale pafupi, koma wopanga akanayenera kuika chizindikiro pamene munthu ayenera kulekezera.

Tayala lake pa konkire ndi pa phula limayenda bwino, ndipo ngolo yopanda katundu ndimaikankha ndekha kuilowetsa pamalo ake. Pa mchenga ndi pa dothi lonyowa limamira, chifukwa ndi lopyapyala ndipo kulemera konse kuli pamalo aang'ono. Likamira usiku mutu wa ngolo umatsika, mawa lake n'kupeza kuti kampira ka galimoto sikakulowanso pansi pake. Ndimayenda ndi thabwa lochindikala loika pansi. Amene ntchito yawo ndi ya m'matope nthawi zonse angachite bwino kugula la tayala lalikulu m'mbali kapena lopopa, ngakhale lopopalo limaphwa. Ngolo zolemera kwambiri zimafuna paipi ya mamilimita 60, aka n'kochepa.

Ponyamuka ulendo, pukusani mpaka zitsulo zogwira tayala zilowe m'timipata take pa paipi yakunja, ndiye mukweze paipi yonse m'mwamba n'kupana. Mukapanda kulowetsa m'timipatamo, kugwedera kwa panjira kumamasula chopukusira pang'onopang'ono mpaka tayala kukhula msewu. Onaninso kuti tayalalo silikukhudza ndodo ya mabuleki pansi pa ngolo.

Kwa munthu amene ali ndi ngolo ya kukula ngati yangayi, amene amaimika pamalo olimba masiku ambiri, kagudumu aka ndi koyenera kugula, makamaka kamene kali ndi sikelo. Ndingakagulenso, koma pamodzi ndi chopanira chabwino ndi zotchingira matayala, tsiku lomwelo. Amene ngolo yake ilibe handibuleki ayambe wapeza zotchingirazo asanamange n'komwe kagudumuka.