Tchizi chofewa cha pakhomo: mandimu, viniga kapena chambiko?

Kuti mkaka usanduke tchizi pamafunika chowawasa choti chiugwiranitse, ndipo kuno ku Blantyre zilipo zitatu zosavuta kupeza.

Mandimu ndiwo ambiri amathamangira, poti mumsika wa Limbe sasowa, makamaka miyezi yozizira. Mumatenthetsa lita imodzi ya mkaka mpaka timathovu tiyambe m'mbali mwa poto, pafupifupi madigiri 85 mpaka 90, n'kuphula, n'kuthira masupuni awiri kapena atatu a madzi a mandimu. Pakapita mphindi 10 mkakawo umapatukana, zibuma zoyera pamwamba, madzi achikasu pansi. Koma mandimu safanana mphamvu. Ndimu lina n'lowawasa, lina n'lamadzi chabe, ndiye mumawonjezerabe mpaka tchizi chonse chimveke mandimu okhaokha. Pa buledi zimakoma ndithu, m'ndiwo ayi.

Viniga woyera sasinthasintha. Masupuni awiri pa lita amagwira lero, amagwiranso mawa. Zibuma zake zimalimbirapo, moti mukazifinya pa nsalu n'kuzitsindika ndi poto wodzaza madzi kwa ola limodzi, mumadula timagawo tokazinga ndi tomato ndi anyezi, osasungunuka. Fungo la viniga limachoka mukatsukuluza zibumazo ndi madzi ozizira owiritsa.

Koma amene akufuna chopaka pa buledi asavutike ndi zonsezi, agule chambiko. Sipafunika ngakhale mbaula. Yalani nsalu yoyera, yowiritsa kale, pa sefa, thirani chambiko, ikani mbale pansi, musiye usiku wonse m'furiji. M'mawa mupeza chosalala, chowawasa pang'ono, chongofuna mchere ndi adyo wosinja. Mandimu ndi viniga zimangodula mkaka mwadzidzidzi, pomwe m'chambiko tizilombo tabwino tinawawasitsa kale mkakawo pang'onopang'ono, n'chifukwa chake kukoma kwake kumapita patali. Chovuta n'chakuti chimalira kuzizira kwa maola ambiri. Mu Okutobala magetsi atathima, musayerekeze. Onetsetsaninso kuti mwagula chosatsekemera.

Pa njira ziwiri zoyambazo, mkaka ndiwo umalamula. Wokhalitsa uja wa UHT unatenthetsedwa kwambiri, zibuma zake zimakhala zazing'onozing'ono ndipo zimadutsa pa nsalu. Wa m'mapaketi a m'furiji umagwira bwino. Woposa onse ndi wa alimi a ku Bvumbwe, Thyolo kapena Chiradzulu chifukwa cha mafuta ake, bola mugule kwa munthu womudziwa, poti wothira madzi umakupatsani katchizi kosadzaza ndi chikhatho chomwe. Umenewu uwiritseni ndithu, mkaka wosaphika umatha kufalitsa TB ya ng'ombe.

Lita imodzi ya mkaka wabwino imatulutsa magalamu pafupifupi 150 mpaka 200, ndipo m'furiji chimakhala masiku atatu kapena anayi. Madzi achikasu otsala aja musataye, kandirani mandasi kapena masikono.