Chitetezo Mbaula: nkhuni imapulumutsadi, koma utsi sunathe

Chitetezo Mbaula ndi mbaula yadothi yowotchedwa mu uvuni, yooneka ngati ndowa yayifupi. Ili ndi khomo limodzi losonkhezera moto, timafuwa titatu pamwamba potereka mphika, ndi zogwirira ziwiri m'mbali. Inayambira ku Mulanje, ndipo lero amaiumba ndi magulu a m'midzi, ambiri a amayi, m'maboma osiyanasiyana. Pamene boma linaika cholinga chofikitsa mbaula zosatha nkhuni 2 miliyoni m'makomo pofika 2020, iyi ndiyo inasenza katundu wambiri, mothandizidwa ndi mabungwe monga United Purpose, MAEVE ndi EnDev. Chifukwa chake n'chodziwika: kalembera wa 2018 anapeza kuti mwa mabanja anayi aliwonse, oposa atatu amaphikira nkhuni.

Maganizo athu ndi akuti banja lophikira pa mafuwa liyenera kukhala nayo. Koma ikhale yopsa bwino, ndipo musailandire ngati mankhwala a utsi.

Pa mafuwa, moto umamwazikira mbali zonse ndipo mphepo ikangowomba malawi amathawa mphika. Chitetezo imatsekera motowo m'chipinda chimodzi, malawi n'kumakwera molunjika kunsi kwa mphika. Dothi likatentha limasunga kutenthako, moti nyemba zimapitiriza kubwadamuka ndi tinkhuni tiwiri tokha. Wophika mosamala amapulumutsa pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a nkhuni: pamene pankapita mitolo itatu, papita iwiri. Imalandiranso zitsononkho, mapesi ndi mitengo ya nandolo, zimene pa mafuwa zimangolilima n'kutha nsima isanathyakulidwe. Makala ayi. Ilibe sefa yolowetsa mpweya kunsi, choncho makala amangonyeka mwaulesi.

Vuto lalikulu la mbaulazi n'lakuti dzina n'limodzi koma manja oumba ndi osiyana. Zolakwika zambiri zimachitika mbaula isanafike pamsika, ndipo wogula ayenera kuzidziwa.

Zimayambira pa mtapo. Dothi likakumbidwa limayenera kunyowetsedwa n'kuvundikiridwa ndi pulasitiki m'dzenje kwa masabata awiri kuti lifewe mofanana, kenako kupondedwa ndi mapazi uku akuchotsa timiyala, mizu ndi zinyalala. Kamwala kamodzi kotsalira, kapena mpweya wotsekeredwa m'dothi losapondedwa mokwanira, kamaphulitsa khoma mu uvuni kapena kusiya mng'alu wobisika. Dothi lonona kwambiri limang'aluka pouma. Lamchenga wambiri limayoyoka. Gulu lodziwa ntchito limayamba laumba zochepa, kuziwotcha n'kuona, lisanakhulupirire mtapo watsopano. Thunthu la mbaula limaumbidwa m'chikombole kuti makoma akhale ofanana kukhuthala, ndipo khomo, timafuwa ndi zogwirira zimaikidwa dothi litalimbako pang'ono. Timafuwa tongomatidwa pamwamba, osalumikizidwa bwino ndi khoma, ndi timene timagumuka mthiko ukayamba ntchito.

Kenako kuumitsa: masabata awiri kapena atatu pamthunzi, malinga ndi nyengo, masiku oyambirira zili zofunditsidwa. Apa ndi pamene changu chimaononga. Oda ikabwera yaikulu, ena amazitulutsira padzuwa, kunja n'kuuma m'kati muli chinyezi. Uvuni umodzi umalowa mbaula zoposa 100, ndipo moto wake umayambika pang'onopang'ono kuti chinyezi chotsala chituluke, kenako n'kuukoleza. Ukazima, uvuni sutsegulidwa mpaka utazizira. Zimene zinali m'mphepete, kutali ndi moto, nthawi zina zimatuluka zosapsa, ndipo zoterezi siziyenera kugulitsidwa ngakhale pamtengo wotsika.

Ndiye pogula, igogodeni ndi chala monga muchitira ndi mphika wadothi. Yopsa imalira ngwee. Yosapsa kapena yong'aluka imangoti phu. Mtundu ukhale wofiirira ngati njerwa yopsa. Timadontho takuda tochepa si vuto, koma ikakhala yotuwa mbali yonse, kapena chikhadabo chikakanda dothi n'kuyoyoka, isiyeni. Yang'anitsitsani pamwamba pa khomo, poti ming'alu yambiri imayambira pomwepo. Ngati n'kotheka pitani ndi poto amene mumaphikira tsiku ndi tsiku, mumutereke. Akhazikike pa timafuwa tonse titatu osagwedera, ndipo pakati pa poto ndi mlomo wa mbaula patsale mpata wolowa chala. Mpatawo ukachepa moto umabanika n'kufuka; ukakula, kutentha kumathawa.

Kunyumba, moto woyamba ukhale waung'ono. Nkhuni ziwazidwe, zikhale zouma, ziwiri kapena zitatu basi pakhomo. Ambiri amene amadandaula kuti mbaulayi imafuka amakhala atadzaza khomo ndi zikuni mpaka mpweya kusowa polowera. Kuika kamwala kapena chidutswa cha njerwa patsogolo pa khomo, nkhuni n'kutsamira pamenepo, kumathandiza kuti mpweya udutse kunsi. Phulusa lichotsedwe musanakoleze. Kuzimitsa moto ndi madzi mbaula ili yotentha ndiko kuipha, chimodzimodzi kuisiya pamvula. Imalemera makilogalamu pafupifupi 10, ndipo ponyamula ndi bwino kuchirikiza kunsi m'malo modalira zogwirira zokha. Yosamalidwa motere imatha zaka zingapo. Kamng'alu kakang'ono sikailepheretsa kuphika. Ena amaimanga ndi waya m'chiuno n'kupitiriza.

Pali zimene siingathe. Imatereka mphika umodzi, pamene mafuwa mungayale awiri ndiwo ndi nsima n'kupsera limodzi. Mbali imeneyi Changu Changu Moto, ya njerwa ndi matope imene Ripple Africa inafalitsa ku Nkhata Bay, imaposa, poti ili ndi malo awiri, ngakhale kuti siinyamulika. Mgolo wa thobwa kapena mphika wa pamaliro sukhalapo. M'nyengo yozizira ya June ndi July, anthu ofuna kuwotha moto amabwerera ku mafuwa chifukwa mbaulayi imabisa malawi. Kubisa komweko ndiko kumateteza ana okwawa, komabe khoma lake limatentha ndipo mwana akaligwira amapsa.

Za utsi tinene mosabisa. Umachepa, makamaka ndi nkhuni zouma, koma sutha, ndipo mbaulayi ilibe chumuni. Kafukufuku wamkulu wotchedwa CAPS, amene anachitika ku Chikwawa ndi ku Karonga pa ana oposa 10,000 osakwana zaka zisanu, anayesa mbaula yokhala ndi fani yokupizira moto, yoyaka bwino kuposa Chitetezo, ndipo sanapeze kuti chibayo mwa ana chatsika. Ngati ya fani inalephera, yadothi tisaisenzetse lonjezo limenelo. Phindu lake pa umoyo lili pa kunyamulika: itulutseni pakhonde kapena pabwalo, ndipo mwana asakhale kumsana pamene mukukoleza. Khitchini yopanda zenera, yodzaza mwaye kudenga, imakhalabe yoopsa kaya muli mbaula yanji.

Mbaula zambiri zili ndi nambala yodindidwa m'mbali, ndipo wogula amafunsidwa dzina ndi mudzi, mwinanso kusaina pepala la mgwirizano. Nambalayo imathandiza kudziwa gulu limene linaumba, komanso ndi imene mabungwe ofalitsa mbaulazi amawerengera mpweya woipa umene wapewedwa, umene umagulitsidwa kunja ngati ma carbon credit kwa makampani ofuna kubwezera utsi wa mafakitale awo. Ndalama zimenezi ndizo zimatsitsa mtengo wa mbaula m'madera ena, ndipo zimenezo n'zabwino. Chotidetsa nkhawa n'chakuti mayi amene akupulumutsa nkhunizo, amene sanaonongeko nyengo koma ndiye anakokoloredwa munda ndi namondwe Freddy mu 2023, kawirikawiri amasaina osamvetsa bwino chimene wapereka. Gulu loumba, komiti ya chitukuko ya m'mudzi ndi amfumu ali ndi ufulu wofunsa pepalalo lisanasainidwe: mwini wa ma credit ndani, mgwirizano ndi wa zaka zingati, gawo lobwerera kumudzi ndi lotani, ndipo mbaula ikasweka mgwirizano usanathe, wobweretsa ina ndani. Mayankhowo alembedwe m'Chichewa, ndipo kope limodzi litsale ndi mlembi wa gulu.