Talking Book ya Stevie Wonder mu 24-bit: zimene zimatsalira chidwi chikatha

Chimbale chikangotuluka m'kope la hi-res, kutanthauza fayilo ya digito ya manambala apamwamba kuposa a CD, sabata yoyamba aliyense amati akumva zatsopano. Pakapita miyezi ndi pamene zimadziwika zimene makutu amamvadi. Pa Talking Book, kope la 24-bit/96 kHz ndi loyenera kulisunga, koma chifukwa chake si manambalawo.

Stevie Wonder anabadwa pa 13 May 1950 ku Saginaw, Michigan, masiku asanakwane, ndipo maso ake anawonongeka ali m'makina osungiramo ana otere. Analowa ku kampani yojambula nyimbo ya Motown ali ndi zaka 11, ndipo mu 1963 "Fingertips" inafika pa nambala 1 ku America. Atakwanitsa zaka 21 mu 1971 anakambirananso mgwirizano wake n'kupeza ufulu wojambula momwe akufunira. Talking Book inatuluka mu October 1972, chaka chimene anayenda ndi Rolling Stones, ndipo ndi nthawi imeneyo pamene okonda rock anamutengadi kukhala wawo. Jeff Beck akuyimba gitala mu "Lookin' for Another Pure Love", Ray Parker Jr. mu "Maybe Your Baby".

Mbiri imeneyi ndi yofunika pomvetsera chifukwa zida zambiri anayimba yekha, chimodzi pamwamba pa chinzake, mothandizidwa ndi Malcolm Cecil ndi Robert Margouleff pa synthesizer yawo yaikulu ya TONTO. Mu "Superstition" ng'oma ndi zake, besi ya Moog ndi yake, Clavinet ya Hohner (kiyibodi yamagetsi) ndi yakenso. Apa ndi pamene kope labwino limadzionetsa. Clavinet ija si imodzi: pali mizere ingapo, ina kumanzere ina kumanja, ikuyankhana. Pa MP3 yofinyidwa kwambiri zimasakanikirana ndi hi-hat, koma pano mukhoza kutsata mzere umodzi kuyambira poyamba mpaka malipenga a Steve Madaio ndi Trevor Lawrence atalowa. Besi ya Moog imatsika mozama koma siphimba ng'oma yapansi. Mu "You Are the Sunshine of My Life" mawu a Jim Gilstrap ndi Lani Groves, amene amayamba nyimboyo, amamveka kuti ndi anthu ena asanalowe mwiniwake. Musadabwe kuti mulibe malipenga: anawonjezera pa single yokha, kope limene nyimboyi inatulukira payokha.

Mukafananiza ndi CD yabwino, kusiyana kumachepa kwambiri. Nyimbozi zinajambulidwa pa tepi, ndipo phokoso la tepi lili pamwamba kutali kuposa malire a 16-bit, omwe ndi pafupifupi 96 dB. Kope la 24-bit silichotsa kusisima kwa tepi, kumamvekabe pamalo ofatsa a "You and I". Chimene chimasintha ndi mastering, kukonza komaliza kwa mawu chimbale chisanatuluke: tepi imene anagwiritsa ntchito, EQ (kukweza kapena kutsitsa besi ndi mawu apamwamba), ndi kuchuluka kwa compression (kuchepetsa kusiyana kwa malo ofatsa ndi aphokoso). Kuti mudziyese nokha, tengani fayilo yomweyo, muitsitse kukhala 16-bit/44.1 kHz, muike zonse ziwiri mu pulogalamu ya foobar2000 ndi ABX Comparator, imene imakuyesani musakudziwa fayilo imene ikulira, voliyumu ikhale yofanana ndendende. Kope lokwera voliyumu pang'ono chabe limamveka ngati labwino nthawi zonse, ndipo ambiri amapusitsidwira pamenepo.

Mavuto amene amabwera pakapita nthawi ndi a zida. Foni zambiri za Android zimasintha chilichonse kukhala 48 kHz chisanatuluke, pokhapokha mulumikize DAC (kachipangizo kosintha digito kukhala mawu) ya USB ndi pulogalamu ngati USB Audio Player PRO. Pa Windows sankhani WASAPI exclusive mu pulogalamu yomvetsera nyimbo, apo ayi kompyuta imasintha fayilo kutsata makonzedwe ake. Bluetooth ndiye imathetsa nkhani yonse: mwa njira zake zotumizira mawu, SBC imanyamula pafupifupi 328 kbps, LDAC imalekera pa 990 kbps, pamene 24/96 yosafinyidwa ndi 4,608 kbps. Mahedifoni a waya ndi DAC yaing'ono zimakwanira.

Malo nawonso amatha. Chimbalechi chili ndi nyimbo 10, mphindi 43 ndi pang'ono, ndipo mu FLAC (mtundu wa fayilo wosataya mawu) ya 24/96 chimadya pafupifupi 900 MB, katatu kuposa FLAC ya CD. Chisungeni pamalo awiri, ndipo nthawi ndi nthawi yendetsani lamulo la flac -t, limene limakuuzani ngati fayilo yawonongeka pa memory card. Ngati munagula kwa wogulitsa wosadziwika, tsegulani fayilo mu Spek, pulogalamu yoonetsa mawu pa chithunzi: mzere wodula mowongoka pa 22 kHz ukusonyeza kuti ndi CD yongokulitsidwa.

Chinthu chimodzi chimene kope la digito silingabweze n'chakuti zikuto zoyambirira za chimbalechi zinali ndi uthenga wa Braille wosindikizidwa kuti munthu wosaona awerenge ndi zala. Fayilo ilibe chikuto chogwirika, choncho ma tag, zolemba za m'kati mwa fayilo, ndiwo amagwira ntchito imeneyo. Lembani bwino dzina la nyimbo, nambala yake, chaka ndi oyimba zida pogwiritsa ntchito pulogalamu ya Mp3tag, kuti zowerenga mokweza ngati TalkBack, VoiceOver kapena NVDA zithe kumuwerengera womvera wosaona.