Kamakina kachikasu ka Lifebox: zimene ndaona pokagwiritsa ntchito m'fiyeta

Ntchito yanga ndi yogonetsa odwala pa nthawi ya opaleshoni pa chipatala china cha m'boma lakutali ndi mizinda ikuluikulu, ndipo anzanga a ntchito yomweyi akhala akundifunsa ngati kamakina kachikasu ka bungwe la Lifebox, koyezera mpweya wa okosijeni m'magazi, n'koyeneradi kukavutikira. Yankho langa ndi lakuti n'koyenera. Mwa zipangizo zonse zimene zalowa m'fiyeta yathu chiyambire ntchito, palibe chimene chasintha kagwiridwe kanga ka ntchito kuposa kameneka, ngakhale kuti ndi kakang'ono kokwana m'dzanja limodzi.

Amene sanagonetsepo munthu popanda kamakinaka sangamvetse msanga chimene ndikunena. Wodwala akagona ndi mankhwala, mpweya wake umakhala m'manja mwa womugonetsayo, ndipo kale tinkadalira khutu, chala ndi maso basi: choyezera kugunda kwa mtima chomatidwa pachifuwa, chala pamtsempha wa padzanja, ndi maso pamilomo ndi palilime kuti tione ngati zayamba kuda. Pakhungu lathu lakuda chizindikiro chimenechi chimachedwa kuoneka, makamaka usiku pamene kuwala kuli kochepa, ndipo kwa mayi amene wataya magazi ambiri mwina sichioneka n'komwe. Nthawi zambiri woyamba kuchenjeza anali wochita opaleshoniyo, akaona kuti magazi a pabala ayamba kuda, ndipo pofika pamenepo ubongo wa wodwala unali utakhala kale kanthawi ukupereweredwa mpweya.

Kagwiridwe ka makina a mtunduwu, amene dzina lake la ku ntchito ndi pulse oximeter, n'kosavuta kukafotokoza. Kopanira kamene timaika pachala, komwe tonse timangokatchula kuti probe, kamawalitsa kuwala kwa mitundu iwiri kudutsa m'chalamo, kwina kofiira ndi kwina kosaoneka ndi maso. Magazi odzaza ndi okosijeni ndi magazi operewera okosijeni amamwa kuwala kumeneku mosiyana, ndipo kamakinako kamawerengera kusiyanako pa kugunda kulikonse kwa mtima n'kupereka nambala. Munthu amene akupuma bwino amakhala pa 95 kapena kuposerapo. Nambala ikafika pa 94 timayamba kufufuza chimene chavuta, ndipo ikatsika pansi pa 90 ndi ngozi yofunika kuchitapo kanthu nthawi yomweyo. Njira imeneyi anaitulukira ndi katswiri wa ku Japan, Takuo Aoyagi, kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970, ndipo m'mayiko olemera makinawa anasanduka chinthu chosasowa m'fiyeta iliyonse kalekale. Komabe kafukufuku amene anatuluka mu 2010 anayerekezera kuti mafiyeta pafupifupi 77,000 padziko lapansi analibe ngakhale kamodzi.

Bungwe la Lifebox linakhazikitsidwa mu 2011 kuti litseke mpata umenewu, ndipo mmodzi mwa oliyambitsa ndi dokotala wa opaleshoni wa ku America, Atul Gawande, yemwenso anatsogolera ntchito yokonza mndandanda wa mafunso otsimikizira chitetezo cha wodwala umene bungwe la WHO linatulutsa mu 2008. Mndandandawu uli ndi mfundo 19, ndipo atauyesa m'zipatala zisanu ndi zitatu za m'mayiko osiyanasiyana, kuphatikizapo chipatala cha ku Ifakara m'dziko la Tanzania, imfa zotsatira opaleshoni zinatsika kuchoka pa 1.5 kufika pa 0.8 mwa odwala 100 alionse. Limodzi mwa mafunso ake, lofunsidwa wodwala asanagonetsedwe, ndi lakuti kodi oximeter ili pachala cha wodwala ndipo ikugwira ntchito. Chipatala chopanda kamakinaka sichikanatha kuyankha funso limenelo moona mtima, ndipo n'chifukwa chake panafunika kamakina kolimba, kamtengo wotsika, kamene pamene kanayamba kugawidwa kankagulidwa pa madola 250 a ku America, pamene makina aakulu oonera wodwala amadya madola masauzande.

Chimene ndimakakondera koposa ndi kulira kwake. Kamalira pa kugunda kulikonse kwa mtima, ndipo okosijeni akamatsika, mawu ake amatsika nawo, kotero kuti ndimadziwa zimene zikuchitika m'thupi mwa wodwala ngakhale maso anga ali pa diripi, pa jakisoni kapena pa botolo la magazi. Kwa munthu amene amagwira yekha kumutu kwa wodwala, monga mmene zimakhalira m'zipatala zambiri za m'maboma kumene ogonetsa odwala ndi ma clinical officer osati madokotala, zimenezi zili ngati kupatsidwa mnzako wachiwiri amene satopa ndiponso sayang'ana kumbali. Patapita miyezi yochepa, anamwino athu ngakhalenso othandiza kunyamula odwala anaphunzira kusiyanitsa kulira kwabwino ndi kulira koipa, moti mawuwo akangosintha fiyeta yonse imakhala chete aliyense n'kutembenukira kumutu.

Batire yake ndi yotchaja, ndipo ikatha kamalolanso mabatire wamba a mtundu wa AA, omwe amapezeka ngakhale pa golosale ya pamsika. Magetsi akazima pakati pa opaleshoni, makina ena onse amangoti zii kudikira jenereta, koma kameneka kamapitiriza kulira mumdima. Thupi lake ndi lolimba, ndipo kathu kagwapo pansi kangapo koma kakugwirabe ntchito. Palinso probe ya makanda yokulunga kuphazi kapena kudzanja, ndipo imeneyi ndi yofunika kwambiri chifukwa mwana ndiye amene mpweya umamuthera mofulumira kuposa wamkulu.

Ndifotokozepo za mwana mmodzi wa zaka pafupifupi zinayi, amene tinamuchita opaleshoni ya chophuka cha pachinena. Opaleshoni inayenda bwino, tinamutulutsa ali mtulo koma akupuma yekha, ndipo chifukwa kunali mayi wina wodikira siza yadzidzidzi, ndinamusiya m'manja mwa namwino m'kachipinda kotsitsimukira nditamumangirira kamakinako kuchala. Ndili mkati mokonzekera jakisoni wa pamsana wa mayi uja, ndinamva kudzera pakhomo kuti mawu a kamakinako akutsika. Pofika ndinapeza nambala ili m'ma 80, mwanayo atagona chagada ndipo lilime litagwera kumbuyo n'kutseka njira ya mpweya, koma kumuona ndi maso ankangooneka ngati mwana amene wagona tulo tabwino. Ndinamukweza chibwano, tinamugoneka chammbali n'kumupatsa okosijeni, ndipo pasanathe mphindi ziwiri nambala inabwerera mwakale. Amayi ake, amene anali panja, sanadziwe kuti panachitika chilichonse, ndipo tsiku lotsatira anapita naye kwawo.

Nkhani imeneyi ndi imene inandiphunzitsa kuti malo a kamakinaka si m'fiyeta mokha. Kafukufuku wamkulu wa zotsatira za opaleshoni mu Africa, amene anatuluka mu 2018 atatsatira odwala 11,422 m'mayiko 25, anapeza kuti ngakhale odwala a kuno amakhala achinyamata ndiponso opanda matenda ambiri okhalitsa poyerekeza ndi a kwina, mwayi woti amwalire pambuyo pa opaleshoni yokonzedweratu unali wowirikiza kawiri poyerekeza ndi wa padziko lonse, ndipo ambiri anamwalira m'masiku otsatira opaleshoniyo osati patebulo. Tanthauzo lake ndi lakuti odwala timawataya ku wodi, kumene namwino mmodzi amayang'anira anthu makumi angapo usiku wonse ndipo wodwala amene wayamba kufooka saonedwa msanga. Chipatala chimene chili ndi kamakina kamodzi kokha chimakakamizika kusankha pakati pa amene ali patebulo ndi amene wangotsikapo kumene, ndipo kusankha koteroko sikuyenera kugwera munthu aliyense. Ine ndimalangiza kuti pakhale kamodzi pa tebulo lililonse la opaleshoni, kena m'chipinda chotsitsimukira, ndi kena kosachoka ku wodi ya amayi oyembekezera ndi ya ana.

Pali malire amene makina onse a mtunduwu ali nawo, kaya ndi a bungwe liti, ndipo wogwiritsa ntchito ayenera kuwadziwa bwino. Chala chikazizira, kapena wodwala akataya magazi ambiri mpaka mitsempha ya m'manja kufota, nambala imasowa kapena imadumphadumpha. Wodwala akamanjenjemera kapena akakhala ndi utoto wa m'zikhadabo zimachitikanso chimodzimodzi. Chachikulu kwa ife kuno, kumene malungo ndi kutaya magazi pobereka zili ponseponse, n'chakuti kamakinaka sikayeza kuchuluka kwa magazi. Mayi akhoza kuonetsa 98 pamene magazi ake atsala ochepa zedi, chifukwa ochepa otsalawo ndi odzaza ndi okosijeni, ndipo wodalira nambala yokha adzanyengeka. Kafukufuku wa ku America wa mu 2020 anasonyezanso kuti makina oyezera okosijeni pachala amatha kuonetsa nambala yokwera kuposa yeniyeni kwa anthu akhungu lakuda, ndipo n'chifukwa chake ine sindidikira kuti ifike pa 90. Ikayamba kutsetsereka kuchoka pamene inali, ndimayamba kufufuza.

Komanso kamakinaka kamanena za okosijeni amene ali kale m'magazi, osati za mpweya umene ukulowa ndi kutuluka pa nthawiyo. Chubu chopumira chikalowa kummero wa chakudya m'malo mwa njira ya mpweya, nambala ikhoza kukhala yabwino kwa kanthawi isanagwe. Chida chimene chimaulula vuto limeneli nthawi yomweyo ndi capnograph, choyezera mpweya woipa umene wodwala akutulutsa, ndipo mu 2023 Lifebox mogwirizana ndi bungwe la Smile Train inatulutsa capnograph yamtengo wotsikirapo yopangidwira zipatala ngati zathu. Imeneyo ndiyo ndikulakalaka kuiona m'fiyeta iliyonse ya m'boma.

Oyang'anira zipatala ayenera kukumbukira kuti kamakinaka kamachenjeza chabe, sikachiza. Kakalira pamafunika silinda ya okosijeni yodzaza kapena makina opanga okosijeni amene ali ndi magetsi, makina oyamwira zam'kamwa, chikwama chopumitsira cha msinkhu woyenera, ndi munthu wodziwa kuyamba ndi njira ya mpweya, kenako kapumidwe, kenako kayendedwe ka magazi, m'malo mothamangira kuzimitsa belu. Ubwino wa Lifebox ndi wakuti amagawa zida zawo pamodzi ndi maphunziro a zimenezi, ndipo maphunzirowo ndimawaona ofunika mofanana ndi chidacho, makamaka akafikira anamwino a ku wodi osati ogonetsa odwala okha.

Tizida ting'onoting'ono topana pachala, timene tinadzaza m'mafamase pa nthawi ya COVID-19, tili ndi ntchito yake kunyumba ndi kumalo oonera odwala oyenda, koma tambiri tilibe belu lodalirika, sitikwana pachala cha khanda ndipo sitinapangidwe kuti tikhale pa wodwala kwa maola angapo, choncho tisalowe m'malo mwa kachikasuka m'fiyeta. Poitanitsa ka Lifebox, itanitsani pamodzi ndi ma probe apadera, a akulu ndi a makanda, chifukwa pa makina alionse otere chingwe cha probe ndicho chimayamba kutha pokokedwa ndi kupindidwa tsiku ndi tsiku. Musankhenso munthu mmodzi wodziwika amene udindo wake ndi kukatchaja madzulo alionse ndi kukabwezera pamalo pake, kuti woitanidwa pakati pausiku kudzagonetsa mayi wa siza akapeze kali ndi moto.