Botolo lokweza octane silinathetse kugogoda kwa Mini yanga

Ndili ndi Mini Cooper S ya 1967, ya injini ya 1275, ndipo ndimaidziwa kulira kwake monga mayi adziwira kulira kwa mwana. Chaka chatha inayamba kugogoda. Ndikakhala pa giya yachinayi pachitunda n'kuponda moto, m'injini munkamveka ngati wina akugwedeza timiyala m'chitini. Ndikachotsa phazi, zii.

Kompuleshoni ya injini imeneyi ndi 9.75:1. Petulo wosakanikirana ndi mpweya amafinyidwa kwambiri mpaka kutentha, ndiye pulagi ikathetheka, wotsalira m'mphepete mwa silinda amaphulika yekha lawi lisanamufike. Kuphulika kumeneko kumamenya pisitoni, ndipo kukapitirira kumaidya mpaka kuiboola. Nambala ya octane imanena za kupirira kwa petulo kuti asaphulike yekha, osati mphamvu zake. Galimoto zamakono zili ndi sensa yomva kugogoda, kompyuta n'kubweza yokha taimingi, nthawi imene pulagi imathetheka. Yanga ili ndi distributor, kachipangizo kogawira moto ku mapulagi, ndi makutu anga, basi.

Ndinkathira petulo wa octane 95, choncho ndinagula botolo la mankhwala othira m'thanki, lolembedwa ndi zilembo zikuluzikulu kuti limakweza octane ndi mapointi 7. Mumtima ndinati 95 ndi 7 ndi 102, vuto latha. Ayi ndithu. Pa mabotolo ambiri otere, mapointi 10 ndiwo nambala imodzi ya octane, kotero petulo wanga anangochoka pa 95 kufika cha m'ma 95.7. Izi zinandipweteka mtima, chifukwa munthu wogula mofulumira sangazizindikire, ndipo akupita kukaponda moto podalira nambala imene kulibe.

Ndinalipatsa mpata wa mathanki atatu, botolo limodzi pa thanki iliyonse. Kugogoda kunachepa pang'ono m'mawa kukazizira, koma masana injini ikatentha, pachitunda chomwe chija timiyala tinkabwerera. Nditamasula mapulagi ndinapeza onse anayi atachita dzimbiri lofiirira. Si dzimbiri lenileni, ndi zotsalira za manganese wa mu MMT, mankhwala amene opanga mabotolo ena amagwiritsa ntchito. Ndinayeserakonso kubweza taimingi ndi madigiri awiri. Phokoso linatha, inde, koma galimoto inasanduka yaulesi, singano ya kutentha n'kumakwera. Sindinaigulire Cooper S kuti izikwawa.

Chimene chinathandiza ndi petulo wa 98 wa pampu. Pa thanki yoyamba munali mutatsalira wakale, koma pofika yachiwiri ndinabwezeretsa taimingi m'malo mwake, ndipo chitunda chija ndinachikwera injini ikulira bwinobwino. Chenjerani ndi manambalawa: mabuku a galimoto za ku Ulaya amatchula muyeso wa octane wotchedwa RON, umene 95 ndi 98 anga akutsatira, pomwe mapampu a ku America amalemba nambala ina yotsikirapo, moti 93 wawo ali pafupi ndi 98 RON. Ndipo ngati injini yanu ndi ya kompuleshoni yotsika ndipo sikugogoda, 98 sakuwonjezerani kanthu.

Komabe 98 sanathetse nkhawa zanga zonse. Petulo wa m'nthawi ya galimotoyi ankakhala ndi mtovu, umene unkakweza octane komanso kuteteza pokhalira mavalavu otulutsa utsi. Unaletsedwa chifukwa ndi poizoni, dziko lomaliza kuusiya linali Algeria mu 2021, ndipo sindiulira. Koma mutu wa injini yanga ndi wachitsulo chofewerapo, ndipo popanda mtovu valavu imadya pokhalira pake pang'onopang'ono. Octane wokwera sateteza zimenezi. N'chifukwa chake ndimapima pafupipafupi mpata wa matapeti, tizitsulo tokankha mavalavu, kuti ukayamba kuchepa ndidziwe msanga. Za ethanol, mtundu wa mowa umene amasakaniza m'petulo wina, nazo ndimawerenga papampu, poti amayamwa chinyezi n'kufewetsa mapaipi akale a rabara. Anga onse ndinasintha.

Botolo lachinayi likadali pashelefu losatsegula, ndipo sindigulanso lina. Mwezi wamawa ndichotsa mutu wa injini kuti amakaniko akaikemo zokhalira mavalavu zolimba, komanso apale mwaye umene waunjikana pamwamba pa mapisitoni. Mwaye umenewo umachepetsa malo m'silinda n'kukweza kompuleshoni, ndiponso umasunga kutentha. Akaupala ndidzathiranso 95 kamodzi, ndikamvetsere pachitunda chomwe chija.