Nyenyezi 4 mwa 5: nyumba yosamalira okalamba komwe akukhala amayi anga

Ndikupereka nyenyezi 4. Yachisanuyo ndaibweza chifukwa cha mmene zimakhalira usiku komanso Loweruka ndi Lamlungu. Amayi anga akhala pamalowa chitulukireni m'chipatala atadwala sitiroko. Dzanja ndi mwendo wakumanja sizigwira ntchito, kumeza kumawavuta, ndipo mutu unali utayamba kale kuiwalaiwala sitirokoyo isanabwere. Ndi munthu wofunika kuwatembenuza, kuwadyetsa, kuwasambitsa ndi kuwasintha thewera. Ngati kholo lanu limayenda lokha ndipo likungofuna pokhala pabwino ndi anzake ocheza nawo, zambiri zimene ndalemba apa sizikukhudzani.

Za maonekedwe ndingodutsapo. Ndi paukhondo, panja pali kapinga ndi mipando, m'zipinda mumalowa mphepo ndi kuwala. Koma tsiku lobwera alendo aliyense amakolopa, ndipo malo ena amene tinakaona anali okongola kuposa pano. Chimene chinandikopa n'chakuti m'makonde simununkha mkodzo, komanso simumveka mankhwala onunkhiritsa ofuna kubisa fungo. Fungo la mkodzo wokhalitsa limatanthauza chinthu chimodzi basi, kuti anthu akusiyidwa m'matewera onyowa nthawi yaitali.

Nyenyezi zambirizi ndapereka chifukwa cha khungu la amayi. Munthu wosatha kudzitembenuza amatuluka zilonda pamene fupa likukanikiza khungu pa matiresi: kumunsi kwa msana, m'chiuno, pazidendene, nthawi zina kunkhongo. Magazi akalephera kufika pamalopo kwa maola angapo mnofu umayamba kufa, ndipo chilonda chikafika siteji 4 mpaka fupa limaoneka. Kuchiza kwake n'kovuta kwambiri, pomwe kupewa kumangofuna manja a anthu osatopa. Tsiku lomwe tinafika, namwino wamkulu anayang'ana thupi lonse la amayi ine ndili pomwepo, kenako analemba mapointi pa fomu ya Braden. Fomuyi anaikonza anamwino a ku America, Barbara Braden ndi Nancy Bergstrom, mu 1987, ndipo imayesa zinthu 6: ngati munthu amamva kuwawa akakanikizika, chinyezi cha pakhungu, kuyenda, kudzisuntha pabedi, kadyedwe, ndi kukhulika kwa khungu pomukoka. Mapointi amayambira pa 6 kulekeza pa 23, ndipo akamatsika ngozi imakula. A amayi anali otsika, choncho anawagoneka pa matiresi a mpweya n'kulemba kuti azitembenuzidwa maola awiri alionse.

Pafupi ndi bedi pali pepala lolembapo nthawi imene awatembenuza ndi mbali imene awagoneka. Mapepala amenewa anthu amanamirapo mosavuta. Mukaona usiku wonse walembedwa 10:00, 12:00, 2:00, 4:00 ndendende, osapitirira ngakhale mphindi imodzi, dziwani kuti wina anakhala pansi m'bandakucha n'kudzaza mizere yonse kamodzi. Pano mumapeza 10:20, 12:35, zomwe zimaoneka kuti munthu anayang'anadi wotchi. Komabe ine sindidalira pepala, ndimavundukula bulangete n'kuona zidendene ndekha. Malangizo ambiri amati muyang'ane pofiira, koma pakhungu lakuda kufiirako sikuoneka msanga. Muyenera kufufuza pamene pada kuposa pena, pamene pakutentha, kapena pamene palimba mukakhudza. Osamalira a pano amazidziwa zimenezi, amakhudza ndi dzanja osangoyang'ana ndi maso. Mpaka lero amayi alibe chilonda ngakhale chimodzi.

Kukoma kwa chakudya sindikambapo zambiri. Ndi chophikira anthu ambiri, masiku ena n'chabwino, masiku ena chimafika chitazizira. Nkhani yagona pa kadyetsedwe. Wodwala sitiroko akatsamwa, chakudya kapena madzi zimalowera kumapapo n'kuyambitsa chibayo, ndipo ena amatsamwa mwakachetechete osatsokomola n'komwe. Amayi amawakhazika tsonga, amawapatsa pang'onopang'ono, amaonetsetsa kuti m'tsaya lakufalo simunatsalire kanthu, m'madzi amathiramo ufa wolimbitsa, ndipo sawagoneka mpaka patatha mphindi 30. Wodyetsa amakhala pampando moyang'anizana nawo, osati kuimirira ngati akuthira madzi m'botolo. Kapu amaiika kudzanja lamanzere, lomwe limagwira ntchito. Kanthu kakang'ono, koma okalamba samva ludzu ngati ife, ndipo kapu ikakhala posafikira munthu amauma thupi madzi ali pomwepo. Mwezi uliwonse amawakweza sikelo. Munthu akatsika ndi 5 peresenti pa mwezi umodzi, kapena 10 peresenti pa miyezi 6, ndiye kuti pali vuto lofunika kufufuza. Mukapita kukaona malo alionse pemphani kuti akuonetseni mmene amalembera zimenezi.

Osamalira a masana ambiri ndi omwewo amene tinawapeza. Kwa ine chimenechi chimaposa ziphaso zonse zopachika pakhoma, chifukwa munthu woiwalaiwala sangafotokoze pamene pakumupweteka. Zimatengera womusamalira kudziwa mmene amakhalira masiku onse kuti aone pamene asintha. Tsiku lina mmodzi wa iwo anandiimbira foni. "Amayi lero sali mmene amakhalira," anatero. "Akukana chakudya, akundiitana dzina la munthu wina, ndipo mkodzo wawo wasintha. Ndauza anamwino." Kutentha thupi kunalibe. Atawayeza anapeza matenda a m'chikhodzodzo, omwe mwa okalamba nthawi zambiri amayamba ndi kusokonezeka mutu mwadzidzidzi. Mlendo akanangoti ndi ukalamba. Amagogoda asanalowe, amatseka katani posambitsa, ndipo amayankhula ndi amayi enieniwo: "Agogo, tikutembenuzeni tsopano, tiyang'ane kuwindo." Sayankhulana okhaokha pamwamba pa bedi ngati palibe munthu.

Tsopano za nyenyezi yosowayo. Usiku ndi kumapeto kwa sabata antchito amachepa, ndipo ena amakhala aganyu ongobwera kudzatseka mpata. Sindikuti ndi anthu oipa, koma sadziwa kuti uyu amatsamwa, uyo sayenera kuimirira yekha. Ndinafikapo Lamlungu madzulo n'kupeza belu likulira kuchipinda choyandikana kwa nthawi yaitali, wosamalira mmodzi akuthamanga ndi khonde lonse. Ndinapezanso amayi ali onyowa mpaka shiti, zimene masana a pakati pa sabata sindinazionepo. Tsiku limene anatsetsereka pa njinga ya olumala n'kugwa pansi linalinso Lamlungu. Anawasiya atakhala nthawi yaitali chifukwa powanyamula pamafunika anthu awiri, ndipo wachiwiriyo kunalibe. Mwamwayi sanathyoke. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limati chaka chilichonse anthu pafupifupi 684,000 amamwalira chifukwa cha kugwa, ndipo gulu lalikulu mwa iwo ndi la opitirira zaka 60, choncho kwa munthu ngati amayi si nkhani yoseka.

Chimene ndiwayamikira pa kugwako n'chakuti sanabise. Anandiimbira nthawi yomweyo, anafotokoza mmene zinachitikira, dokotala anawaona, ndipo anandionetsa lipoti lake. Nditafunsa za zitsulo za m'mbali mwa bedi, namwino wamkulu anakana mwaulemu. Anati munthu wosokonezeka mutu amayesa kukwera pamwamba pake n'kugwa kuchokera patali, kapena amapanikizika pakati pa chitsulo ndi matiresi. Mmalo mwake anatsitsa bedi n'kuyala mphasa yofewa pansi. Kumanga anthu pampando pano sachita. Koma mankhwala enieni a vutoli ndi kuonjezera antchito, ndipo pamenepo oyang'anira amangoti "tikuziona". Mukamafunsa za malo ngati awa musafunse kuti ali ndi antchito angati, chifukwa adzakuwerengerani ndi a kukhitchini omwe. Funsani kuti 2 koloko usiku pamakhala anthu angati oyang'anira okalamba angati, ndipo mwa iwowo namwino weniweni alipo kapena ayi.

Pa mankhwala ndiye ndinawalemekeza. Inafika nthawi amayi anayamba kukuwa madzulo ndi kumenya osamalira powaveka. Namwino wina waganyu ananena kuti awapatse mankhwala "owakhazika mtima pansi". Mankhwala amene amatchulidwa motero nthawi zambiri amakhala a gulu la haloperidol, risperidone kapena quetiapine, ndipo mu 2005 bungwe loona za mankhwala ku America la FDA linachenjeza kuti ena mwa mankhwala a gululi amaonjezera ngozi ya imfa mwa okalamba odwala matenda oiwalaiwala. Mu 2008 chenjezolo linafikanso pa mankhwala akale ngati haloperidol. Pali nthawi imene amafunikadi, koma si poyambira. Namwino wamkulu anati tiyambe tafufuza chikuwakuwitsa. Zinapezeka kuti phewa la dzanja lakufalo limawapweteka kwambiri akalikoka povala, vuto lofala mwa odwala sitiroko. Anayamba kuwapatsa mankhwala ochepetsa ululu nthawi yovala isanakwane, kuyamba kuveka dzanja lodwalalo, ndi kulitsamiritsa pa pilo. Kukuwa kunatha. Njira yachidule yodziwira za malo ndi kulowa m'chipinda chochezera cha m'ma 11 koloko m'mawa. Mukapeza onse ali zyolizyoli, tulo, malovu akutsika, funsani zimene akumwa. Pano mumapeza phokoso, ena akukangana za wailesi, ndipo ine phokosolo limandikhazika mtima pansi.

Kuona odwala n'kololedwa nthawi ina iliyonse popanda kudziwitsa, ndipo ine ndimasinthasintha dala nthawi yofika. Si kuti ndimakayikira munthu. WHO yomweyo inalemba kuti pa kafukufuku wa m'malo osamalira okalamba, antchito awiri mwa atatu alionse anavomera kuti anachitapo nkhanza ya mtundu wina m'chaka chapitacho. Zambiri si kumenya ayi, koma kukalipa, kunyoza ndi kunyalanyaza, zimene zimachuluka anthu akatopa ndi ntchito. Malo amene amaletsa achibale kufika modzidzimutsa ndingawakayikire. Amayi sindinawapezepo ndi mikwingwirima yosadziwika chiyambi chake, ndipo sanjenjemera wosamalira akalowa.

Zina zazing'ono zokwiyitsa zilipo. Zovala zimasokonekera kochapa ngakhale zili ndi dzina, ndipo ndinapezapo juzi ya amayi yavalidwa ndi agogo ena. Magalasi awo amaiwalika mu kabati, pomwe munthu wosaona bwino amasokonezeka kwambiri. A fizio, othandiza odwala kuongola ndi kulimbitsa ziwalo, analonjezedwa pafupipafupi koma amabwera mwa apo ndi apo, ndipo zala za dzanja lakufalo zayamba kupindika. Pa bilu pamatuluka zinthu zoonjezera, monga matewera ndi ufa wolimbitsa madzi uja, zomwe polembetsa sanazitchule momveka. Muuzeni wa mu ofesi akulembereni zonse zimene zili kunja kwa malipiro apamwezi musanasaine.

Kwa amene kholo lawo ndi logonera pabedi kapena lovutika kumeza, malowa ndingawalimbikitse, makamaka ngati m'banjamo muli wina wotha kumafika Loweruka ndi Lamlungu madzulo. Ngati nonse muli kutali ndipo kholo lanu limadzuka usiku n'kumayendayenda, yambani mwamva yankho lomveka pa za antchito a usiku. Ife achibale a okalamba a khonde limeneli tapempha msonkhano ndi oyang'anira pa nkhani yomweyi komanso ya a fizio. Ndandanda ya antchito ikasintha ndidzabweranso kudzakonza nyenyezizi.