Semla kunja kwa Sweden: kugula kapena kuphika nokha?

Amene munakhalako ku Sweden nyengo yozizira mukudziwa mmene mawindo a shopu za buledi amadzadzira ndi semla Khirisimasi ikangotha. Ndi banzi la fulawa lonunkhira cardamom, timbewu tonunkhiritsa chakudya. Amalidula pamwamba kachipewa, kukomba mkati, kuikamo phala la alimondi lotchedwa mandelmassa, kuunjikapo kirimu womenya, kenako kubwezera kachipewa kaja n'kuwaza shuga wa ufa. Tsiku lake lenileni ndi Fettisdagen, Lachiwiri loti mawa lake ndi Lachitatu la Phulusa, pamene kale anthu ankadya zonona komaliza asanalowe m'nyengo ya Lenti. Tsikuli limasuntha limodzi ndi Pasaka: mu 2026 ndi pa 17 Febuluwale, mu 2027 ndi pa 9 Febuluwale. Kuno ku Britain tsiku lomwelo anthu amakhala ali kalikiliki kukazinga mapankeke, ndiye musavutike kukafunsa semla m'supamaketi ya pakona.

Ine ndinamuzolowera ndili pasukulu ku Uppsala, ndipo chisamukireni ku London Febuluwale aliyense akafika mtima umakhala uli komweko. Njira zomupezera zilipo, koma sizifanana.

Kwa amene ali mu London, njira yachidule ndi shopu za buledi za anthu a ku Sweden. Kuli Bageriet, kashopu kakang'ono mu Rose Street ku Covent Garden. Kuli Fabrique, yomwe inayambira ku Stockholm ndipo ili ndi nthambi zingapo mumzindawu. Kuli ScandiKitchen mu Great Titchfield Street, komanso Söderberg yomwe a ku Edinburgh amaidziwa bwino. Pachikwangwani mudzaona palembedwa semlor, kutanthauza ambiri. Ubwino wa njirayi ndi umodzi, koma ndi waukulu kuposa ena onse: banzi laphikidwa m'mawa womwewo ndipo kirimu waikidwa posachedwa. Semla sagona. Akafika mawa lake buledi wauma, kirimu waphwa, shuga wa pamwamba wanyowa, wangokhala ngati mandasi a dzulo amene ngakhale ana amawayang'ana kawiri.

Mukamugwira m'manja, yang'anani zinthu zitatu musanakhulupirire kuti mwapeza weniweni. Mu buledi muzioneka timadontho takuda ta cardamom wosinja mokhakhala, osati fungo lokha lochokera patali. Phala la mkati lizikhala lofewa, lomveka timibulu ta alimondi palilime. Kirimu asakhale wotsekemera kwambiri, chifukwa ntchito yake ndi kuziziritsa kutsekemera kwa phalalo. Ophika ena kunja kuno amathira shuga wambiri mu kirimu pofuna kusangalatsa makasitomala ozolowera makeke a kuno, ndipo ukafika pakati umakhala watopa nako kudya.

Zovuta zake? Mtengo, choyamba. Semla mmodzi ndi khofi mkati mwa London ndi ndalama yoti kwina munthu amadyera nkhomaliro yathunthu, ndipo ngati pakhomo muli asanu thumba limamva. Chachiwiri, nyengo yake kuno ndi yaifupi poyerekeza ndi ku Sweden, komwe amagulitsidwa mpaka kuyandikira Pasaka. Pa Fettisdagen penipeni aliyense wa ku Sweden amene ali mumzinda amafuna wake, choncho itanitsiranitu kapena lawirirani. Chachitatu ndi ulendo wobwerera kunyumba. Bokosi la semla m'sitima yapansi yodzadza nthawi yoweruka kuntchito, mukafika kunyumba kachipewa kali uko, kirimu wapakika m'mbali mwa bokosi. Ngati pali mpando, mudyereni pomwepo.

Amene ali kutali ndi London nthawi zambiri amayang'ana ku IKEA, kampani ya ku Sweden yogulitsa mipando ndi katundu wa m'nyumba, popeza masitolo ake ena amagulitsa semla nyengoyi pamtengo wotsika. Onani kaye ngati sitolo ya kwanuko ili naye musanawononge mafuta a galimoto. Kwa munthu amene akungofuna kulawa kuti adziwe zimene anzake amakamba, ndi poyambira pabwino.

Pali chinthu chimodzi chokhudza semla aliyense amene wakhalitsa m'firiji, kaya munamugula kuti: kuzizira kumaumitsa buledi msanga kuposa kumusiya panja, koma kirimu sangakhale panja. Mankhwala ake anthu a ku Sweden anali nawo kalekale. Ikani semla m'mbale yakuya, thirani mkaka wotentha m'mbali mwake, dyani ndi supuni. Kadyedwe kameneka amakatcha hetvägg, ndipo ndi kakale kuposa semla wa kirimu amene timamudziwa lero. Mfumu Adolf Fredrik inamwalira pa 12 Febuluwale 1771 itadya chakudya chambiri chomwe inatsirizira ndi hetvägg, ndipo mpaka pano nkhaniyi imatuluka patebulo munthu akatambasula dzanja kutenga wachiwiri.

Musaiwale tchalitchi. Mpingo wa Sweden uli ndi nthambi m'mizinda yambiri yakunja, ndipo ku London uli mu Harcourt Street ku Marylebone, komwe anthu amakumana kumwa khofi. Fettisdagen ikamayandikira funsani kumeneko zimene akonza. Kwa munthu amene wasowa kucheza m'chinenero cha ku Sweden, osati banzi lokha, palibe shopu ingapose pamenepo.

Chenjerani ndi achibale a semla, chifukwa amafanana naye nkhope. A ku Finland ali ndi laskiaispulla, ndipo kwawo amakangana chaka ndi chaka ngati mkati muyenera kukhala jamu kapena alimondi. A ku Denmark ndi Norway ali ndi fastelavnsbolle, ndipo wa ku Denmark nthawi zambiri amakhala wa mtanda wopyapyala wa batala wambiri, wokhala ndi kasitadi kapena jamu. Shopu za ku Denmark monga Ole & Steen ndi zambiri mu London, ndiye n'kosavuta kugula ameneyu poganiza kuti ndi yemwe uja. Ndi wokoma, sindikukana. Koma amene akufuna cardamom ndi alimondi pamodzi atuluka ali ndi njala yomweyo.

Tsopano kuphika nokha, komwe ine ndimaona kuti kumapambana kwa aliyense amene sangafike pashopu m'mawa, kapena amene ali ndi anthu ambiri oti adye. Mtanda wake si wovuta. Pa mabanzi pafupifupi 10 mufunika mkaka 250 ml, batala 75 g, shuga 75 g, fulawa pafupifupi 450 g, kamchere pang'ono, cardamom masupuni aang'ono awiri, ndi yisiti. Mabuku a ku Sweden amalemba yisiti waiwisi 25 g, theka la kachibenthu kamene amagulitsa kwawoko. Kuno kapaketi ka 7 g ka yisiti wouma kamagwira ntchito yomweyo. Kandani mpaka mtanda usiye kumata m'manja, udikireni ufufume, umbani timipira, tidikireninso tifufume, pakani dzira, ndipo muuvuni wa madigiri 200 mpaka 220 timapsa m'mphindi 8 mpaka 10.

Pamene anthu ambiri amagwera ndi pa zinthu ziwiri. Choyamba ndi cardamom wa ufa wa m'kabotolo, amene fungo lake linathawa kalekale. Pitani kushopu ya amwenye, gulani wa makoko obiriwira, tongolani timbewu takuda n'kusinja nokha mu kamtondo. Zala zimatopa, koma fungo limadzadza khitchini yonse mtanda usanalowe n'komwe muuvuni. Chachiwiri ndi kugula marzipan poganiza kuti ndi mandelmassa. Mandelmassa pafupifupi theka lake ndi alimondi, pamene marzipan wa m'masupamaketi a kuno shuga ndiye wachuluka, popeza amapangidwira kukutira keke ya Khirisimasi. Mandelmassa weniweni amapezeka ku ScandiKitchen ndi ku TotallySwedish, ndipo onse awiri amagulitsanso pa intaneti. Akasowa, perani alimondi wosenda ndi shuga wolemera mofanana, kuthira timkaka pang'ono kuti zigwirane. Kenako sakanizani ndi nyenyeswa zimene mwakomba m'banzi muja ndi mkaka wina, mpaka likhale phala loti supuni iziima.

Pa kirimu, wa ku Sweden amakhala ndi mafuta pafupifupi 40 peresenti. Wofanana naye kuno ndi whipping cream. Double cream ali ndi 48 peresenti ndipo mukangomumenya mopitirira pang'ono amayamba kusanduka batala, ndiye ngati ndi amene muli naye, siyani kumenya akadali wofewa.

Kwa anzathu amene anabwerera kumudzi kapena ali ku Johannesburg, komwe kulibe IKEA, uvuni wanu ndiye shopu yanu. Cardamom savuta kupeza kwa amwenye, koma alimondi ndi wokwera mtengo. Wina angaganize zoikamo chiponde cha mtedza wathu. Banzi lituluka lokoma ndithu, koma musalitchule semla pamaso pa mlendo wochokera ku Stockholm. Vuto lina ndi loti Febuluwale kumwera kuno kwa dziko ndi nyengo yotentha ya dzinja, kirimu sachedwa kusungunuka. Ikani mbale ndi chomenyera m'firiji musanayambe, ndipo musadzaze mabanzi mpaka alendo atakhala pansi. Otsala osadzaza aikeni mufiriza akangozizira. Lachiwiri lotsatira muwatenthetse pang'ono muuvuni n'kumenya kirimu watsopano.